Kudzutsa boti lakale la matabwa loyendera thanga

M'madoko ambiri a nyanja ya Malawi, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Usisya, simulephera kupeza boti la matabwa litagonekedwa pamchenga, ana akuseweramo, mbuzi zikuusa mumthunzi wake. Ena mwa maboti amenewa anatha ndithu. Koma ambiri anangosiyidwa chifukwa mwini wake anatisiya, kapena injini inafa ndipo ndalama yogulira ina sinapezeke. Kabuku kano ndi ka banja limene lili ndi boti lotere ndipo likufuna kulibwezera pamadzi kuti liziyenda ndi mphepo.

Thanga si chinthu chachikale chochititsa manyazi. Chigwereni mphamvu ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense woyendetsa injini akudziwa mmene petulo akudyera phindu la nsomba, osanenanso za masiku amene sapezeka n'komwe. Anthu a pa Likoma ndi Chizumulu sanalitaye thanga. Mpaka lero maboti awo amawolotsa anthu, nkhuni ndi ufa pakati pa zilumbazi ndi gombe la Mozambique. Luso limeneli linafika panyanjayi ndi amalonda achiswahili m'zaka za m'ma 1800, ndipo Jumbe wa ku Nkhotakota ankawolotsera akapolo ndi minyanga pa zombo zotere. Mbiriyo ndi yowawa, koma luso linatsala m'manja mwa amisiri athu.

Yambani mwakhala pansi

Boti la malemu limakhala ndi eni ake ambiri tsiku limene layamba kubweretsa ndalama. Likadali pamchenga palibe amene amalifuna. Choncho musanagule msomali ndi umodzi womwe, itanani onse amene angadzati "ndi la bambo athu" kapena "ndi la malume athu", mugwirizane kuti mwini wake ndani, amene akuika ndalama ndani, ndipo phindu lidzagawidwa bwanji. Zilembedwe papepala, a mfumu kapena a komiti ya padoko akhalepo mboni. Ngati ndalama ikuchokera ku banki mkhonde, mayi amene akukongolayo dzina lake lilembedwe pa eni ake, asangokhala wobweza ngongole chabe.

Nthawi yabwino yoyamba ntchito ndi Meyi kapena Juni. Mvula imakhala itatha, mwera wayamba ndipo masiku ambiri simungapite panyanja ngakhale mutafuna. Nyanja nayo imakhala itadzaza kufika pamapeto ake cha mu Epulo ndi Meyi, ndiye mukaika boti kumtunda kwa pamene mafunde akulekezera zinyalala, madzi sadzakupezaninso chaka chimenecho. Yesetsani kumaliza dzuwa la Okutobala lisanafike, chifukwa limaumitsa matabwa mopitirira muyeso.

Likhazikeni bwino, kenaka mulifufuze

Lichotseni pamchenga. Boti logona pansi limayamwa chinyezi ndipo chiswe chimalowa osaoneka. Ikani zipika pansi pa msana wake, motalikirana pafupifupi mita imodzi, ndipo m'mbali mulichirikize ndi mphanda kuti lisapendekeke. Mangani chisakasa chaudzu pamwamba, chotchinga dzuwa koma cholola mphepo kudutsa. Tulutsani zonse: matabwa opondapo, mipando, maukonde akale, mchenga ndi mamba a nsomba amene anaunjikana pakati pa nthiti. Tsukani, lisiyeni liume masiku angapo.

Tsopano kokani chingwe chowongoka kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, motsata msana, muone ngati msanawo uli wowongoka. Boti limene lakhala zaka litatsamira pamalo amodzi limapindika, mbali ziwiri zakumapeto n'kugwera pansi. Kupindika pang'ono kumabwerera mukamasuntha zipika pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Kupindika kwakukulu kumasonyeza kuti msana kapena mabawuti ake anatha.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri amathamangira. Amaona penti yosupuka, n'kugula chitini cha penti yabuluu, boti n'kuwala ngati latsopano. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Penti ndi yomalizira. Choyambira ndi mpeni wosongoka ndi hamala yaing'ono.

Gogodani thabwa lililonse ndi nthiti iliyonse. Mtengo wabwino umalira mokweza ndipo hamala imadumpha. Wowola umalira mogonthera. Pamene mwakayika, bayani ndi mpeni. Ukalowa mosavuta, kapena ukatulutsa zidutswa zofumbutuka m'malo mwa kachipatsu kotalika, lembanipo ndi choko. Musachite manyazi kulemba malo ambiri.

Dziwani ichi: chimene chimawoletsa boti kawirikawiri si madzi a pansi pake koma madzi ongokhala mkati mwake. Thabwa lomira m'madzi nthawi zonse siliwola msanga chifukwa nkhungu yowoletsa mitengo imafuna mpweya. Imakonda malo achinyezi, ofunda, osapita mphepo. Kunyanja zamchere mchere umaichedwetsako nkhunguyi, koma yathuyi ndi ya madzi opanda mchere, ndiye chitetezo chimenecho tilibe. Mwayi wathu ndi woti nyongolotsi zoboola maboti za m'nyanja zamchere kuno kulibe. Fufuzani kwambiri kumunsi kwa nthiti pamene zakumana ndi msana, pansi pa matabwa opondapo, pachipika chimene mlongoti umakhalapo, m'makona a thabwa lakumbuyo, pamene mtengo wakutsogolo walumikizana ndi msana, ndi matabwa awiri oyandikana ndi msana. Onaninso kumapeto kwa mipando pamene yakhudza m'mbali, chifukwa madzi a mvula amabisala pamenepo.

Misomali nayo muifunse. Zulani ingapo m'malo osiyanasiyana. Mudzadabwa kupeza msomali umene mutu wake ukuoneka bwino koma pakati unadyeka ndi dzimbiri mpaka kutsala ngati singano. Banga lakuda lozungulira msomali limatanthauza kuti dzimbiri layamba kufewetsa mtengo womwe.

Mukatha zonsezi, imani patali muwerenge choko chanu. Maganizo anga ndi awa: ngati msana uli wamoyo ndipo nthiti zambiri zili zolimba, boti limenelo ndi loyenera kulidzutsa ngakhale matabwa a m'mbali ataonongeka theka. Ngati msana wawola kutalika ndipo nthiti zoposa theka zafumbutuka, musadzinamize. Zulani zitsulo, sungani matabwa abwino, mukhome lina. Kumupempha mmisiri wa maboti kuti adzaone tsiku limodzi, n'kumulipira tsikulo, ndi ndalama yogwiritsidwa bwino kuposa ina iliyonse pantchitoyi. Amisiri otere alipo m'madoko akuluakulu, ndipo ena anaphunzira ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, kumene kuli sukulu ya zausodzi ndi malo okhomera maboti. Kalipentala wa mipando ndi zitseko, ngakhale waluso chotani, si mmisiri wa maboti.

Matabwa

Mlombwa ndiwo mfumu: suwola msanga, ndipo ukanyowa kapena kuuma susintha kwambiri kukula kwake. Mbawa nayo ndi yabwino ndipo imapalika mosavuta. Koma mitengo iwiriyi yasowa ndipo ndi yotetezedwa, choncho gulani kwa amene ali ndi chilolezo cha a zankhalango ndipo musunge lisiti, kuopa kulandidwa pamsewu. Wina akakuuzani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje, mukaneni. Mtengo umenewo watsala pang'ono kutheratu. Bulugamu wokhwima ndi wolimba, amachita bwino pamsana ndi pamlongoti, kungoti ndi wolemera ndipo amang'aluka akauma mofulumira. Paini ndi wopepuka komanso wotsika mtengo, koma amawola msanga. Muikeni pa mipando ndi matabwa opondapo, osati pansi pa boti.

Pa mtengo uliwonse, tengani mtima wake. Mbali yoyera yakunja ija, ngakhale ya mlombwa, imafumbwa ndi kuwola m'zaka zochepa. Pewaninso mfundo zikuluzikulu. Matabwa aawisi muwasanje pamthunzi, timitengo pakati pake kuti mphepo izidutsa, miyala pamwamba kuti asapindike, ndipo muwapatse miyezi ingapo. Thabwa laliwisi mukalikhoma limadzabwerera likauma n'kusiya mpata wolowa chala.

Mafupa poyamba, m'mbali pambuyo

Musagwetse boti lonse nthawi imodzi. Matabwa akale, ngakhale owola, ndi amene akusunga maonekedwe a boti. Mukawachotsa onse, nthiti zimatayana ndipo simudzalibwezanso mmene linalili. Khomani mitanda iwiri kapena itatu yopingasa pamwamba kuti m'mbali musakanuke, kenaka chotsani chinthu chimodzi, konzani, bwezerani, musanakhudze china. Mukachotsa thabwa kudzanja lamanja, lotsatira lichoke kumanzere.

Nthiti yothyoka pamalo amodzi sifunika kuizula. Ikani ina pambali pake, yopitirira malo othyokawo ndi utali wokwana kugwira matabwa awiri kapena atatu mbali zonse, muzimange pamodzi ndi mabawuti. Yowola ndiye ichoke yonse, chifukwa nkhungu imasamukira ku mtengo watsopano. Nthiti yolimba ndi yosemedwa kuchokera ku nthambi imene inamera yokhota kale, chifukwa mitsempha ya mtengo imatsata kukhotako. Yochekedwa mokhota kuchokera pathabwa lowongoka imathyoka pakona tsiku la mafunde. Tengani chikatoni, dulani chithunzi cha nthiti yofunikayo, mupite nacho kukafuna nthambi yofanana nacho.

Podula powola, pitirirani mpaka mupeze mtengo wolimba, ndiye muonjezerenso pang'ono. Polumikiza thabwa latsopano ndi lakale pali njira ziwiri. Yosavuta ndi kuwakumanitsa mitu pakati pa nthiti ziwiri n'kuika kachidutswa ka thabwa kumbuyo kwake, kogwira mbali zonse. Yabwino koposa ndi kusema mitu yonse mopendekera kuti ina igone pa inzake. Kupendekerako kutalike kasanu ndi katatu kuyerekeza ndi kuchindikala kwa thabwa: thabwa la mamilimita 25 lifuna mamilimita 200. Pamlongoti kapena pamsana onjezerani kufika ka 12. Malumikizo a matabwa oyandikana asakhale pamzere umodzi. Atalikirane ndi nthiti zingapo.

Thabwa la boti siliwongoka ngati la chitseko, limakula pakati n'kuchepa kumapeto. Mukatha kuchotsa lakale lathunthu, ndilo chithunzi chanu. Likaphwanyika, jambulani mpatawo pa chikatoni kapena pulayiwudi yopyapyala. Thabwa lokana kupindika musalikakamize. Liphikeni ndi nthunzi: mgolo wamadzi pamoto, paipi yolowetsa nthunzi m'bokosi lalitali lamatabwa kapena m'chipepala chapulasitiki chokulungira thabwalo, ola limodzi pa mamilimita 25 alionse a kuchindikala. Likatuluka muli ndi mphindi zochepa chabe, ndiye anthu ndi makilampu akhale okonzeka.

Misomali wamba ya denga ndi imene inapha maboti ambiri amene ali pamchengawa. Gulani ya galvanised, kapena yamkuwa ngati thumba likulola, koma musaphatikize mitundu iwiriyi pamalo amodzi chifukwa m'chinyezi mkuwa umadyetsa chitsulo. Msomali utalike pafupifupi katatu kuchindikala kwa thabwa. Boolani kaye kabowo kocheperako musanakhome, makamaka kumapeto kwa thabwa ndi pa bulugamu. Mabowo akale atsekeni ndi zikhomo zamtengo zoviika mu penti. Paliponse pamene mtengo ukukagona pa unzake, pakani penti kapena phula mbali zonse musanakhome, popeza malo amenewo bulashi sidzafikakonso.

Mawu amodzi pa za faiba. Anthu ena amakuta boti lakale ndi faiba kuti lisiye kuchucha. Chaka choyamba zimaoneka zanzeru. Koma matabwa amafufuma ndi kubwerera pomwe faiba satero, ndiye amakanganuka, madzi amalowa pakati n'kusowa potulukira, ndipo boti limawola mobisika. Chimodzimodzi zigamba za malata: ndi zopulumukira tsiku limodzi, osati zokonzera.

Kutseka mipata

Kokerani kunja zonse zakale zimene zili m'mipata ya matabwa: nsanza, phula louma, mapulasitiki osungunula. Msomali wopinda nsonga umagwira bwino ntchitoyi. Mpata wabwino umakhala wothina mkati, wotseguka pang'ono kunja. Upakeni penti yopyapyala, kenaka lowetsani thonje lopota ngati chingwe chofewa pogwiritsa ntchito tchizulo yobuntha ndi chibonga chamtengo. Thonje lilowe mpaka kusiya kampata kakang'ono pamwamba. Pakaninso penti, ndiye mutseke ndi phula kumunsi kokhala m'madzi, ndi pate wa mawindo wosakaniza ndi penti pang'ono kumtunda. Nsalu ya nayiloni ndi masaka apulasitiki sizifufuma zikanyowa, n'chifukwa chake thonje limaziposa.

Cholakwika chachikulu apa ndi kukhomerera mwamphamvu. Boti limene lakhala pamtunda nthawi yaitali matabwa ake abwerera, mipata ikuoneka yaikulu kuposa mmene idzakhalire. Mukaidzaza mothina, tsiku limene matabwa adzamwe madzi adzasowa kofufumira, adzakankhana mpaka kuzula misomali kapena kuthyola nthiti. Kwa sabata imodzi musanatseke, yalani masaka onyowa mkati ndipo muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kuti matabwa afufumeko. Musalidzaze madzi lili pazipika. Kulemera kwa madziwo kumakankha matabwa kuchokera mkati, kumene boti silinapangidwire kupirira. Mpata umene watsalabe waukulu wolowa pensulo, ikanimo kachipatsu ka mtengo komata ndi guluu mbali imodzi yokha.

Phula lisungunulireni patali ndi boti ndi chisakasa, pamoto wochepa, chivundikiro chili pafupi. Likayaka, vundikirani kapena thirani mchenga, osati madzi. Ana asayandikire.

Penti

Palani penti yakale yosupuka. Yogwira bwino isiyeni. Penti zina zakale zili ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa ana, choncho palani monyowetsa kuti fumbi lisauluke, musaiotche, ndipo zopalidwazo musazisiye pamchenga pamene usipa umayanikidwa. Matabwa ochotsedwa okhala ndi penti asalowe m'moto wophikira kapena wowambira nsomba. Pakani penti yamafuta, yoyamba yosungunula ndi palafini pang'ono kapena thinala kuti ilowerere, kenaka ziwiri kapena zitatu zopyapyala, iliyonse iume tsiku lathunthu. Oilo wakuda wochoka mu injini musamupake: amaipitsa madzi, amanunkhitsa nsomba, ndipo penti sidzagwiranso pamtengowo. Pansi pa nthiti iliyonse siyani kabowo kuti madzi aziyenderera kufika pamalo amodzi pokapira.

Mlongoti, thanga ndi chiwongolero

Mlongoti umawola malo awiri, kutsinde ndi kunsonga kumene zingwe zimadutsa. Ming'alu yotsata utali wake si yoopsa kwenikweni. Woopsa ndi wopingasa. Chipika chimene tsinde limakhalapo chigone pa nthiti zingapo, osati pathabwa limodzi, ndipo chikhale ndi kabowo kotulutsira madzi. Mpando umene mlongoti umadutsamo ndi umene umalandira mphamvu yonse ya mphepo, ndiye ukhale wa mtengo wolimba, womangidwa ndi mabawuti. Mtanda wonyamula thanga ukhale wopepuka. Nsungwi zokhwima ziwiri kapena zitatu zomangidwa mopitirizana zimachita bwino.

Thanga lakale liyeseni pokoka ndi manja awiri. Likang'ambika mosavuta, dzuwa linalidya ndipo zigamba sizigwira. Kanivasi wopepuka ndiye wabwino, koma ambiri amasoka masaka a feteleza kapena tenti, ndipo zimayenda ndithu ngati mukudziwa kuti sizikhalitsa padzuwa. Sokererani chingwe m'mphepete monse ndipo m'makona muike nsalu zitatu. Ngati lakale lilipo, tengerani muyeso wake, ndipo musakopeke kulikulitsa. Thanga lalikulu limasangalatsa tsiku la kamphepo kayaziyazi, koma ndi lomwelo limagubuduza boti mwera ukabuka. Sokererani tizingwe pamzere kuti muzitha kulipinda n'kulichepetsa. Chingwe chimene woyendetsa amakokera thanga chisamangidwe mfundo yolimba. Chizikhala m'manja kapena pamfundo yomasuka ndi kukoka kumodzi.

Chiwongolero chigululeni muone zitsulo zake. Zodyeka musinthe, ndipo muchimangirire ndi kachingwe kuti funde likachinyamula chisapite.

Kubwerera pamadzi

Litsitseni pamadzi osaya, pamalo abata, m'mawa. Lidzachucha, musachite mantha. Kapani madzi, muzisinthana, kwa masiku awiri kapena atatu, nthawi zina sabata. Kuchucha kuzicheperachepera. Pamene pakulowabe madzi sabata itatha, lembanipo, mulikokere kumtunda mukonze malo okhawo.

Boti lamatabwa lokhalokha likadzaza madzi kawirikawiri limayandamabe, koma miyala yolemeretsa kapena injini zimalimiza. Ngati mukuika zolemeretsa, matumba a mchenga aposa miyala chifukwa sagubuduka boti likapendekeka. Pansi pa mipando mangirirani zigubu zopanda kanthu zotsekedwa bwino: chigubu cha malita 20 chimayandamitsa pafupifupi makilogalamu 20. Zimangidwe zolimba, chifukwa chigubu chomasuka chimayandama chokha boti n'kumira. Nkhafi ziwiri, nangula wa chingwe chachitali, zokapira ziwiri ndi majekete oyandamitsa a aliyense zikhale m'boti ulendo uliwonse.

Ulendo woyamba ukhale wa anthu awiri kapena atatu odziwa kusambira, opanda katundu, pafupi ndi gombe, boti lina likuyang'anira. Wina akhale pansi aziona m'mipata ndi patsinde la mlongoti pamene thanga lakoka. Mverani pawailesi chenjezo la a zanyengo lokhudza mwera, ndipo m'dzinja samalani ndi mphepo ya mkuntho imene imatsogolera mvula. Ngati boti lizinyamula anthu olipira kapena katundu wamalonda, kalilembetseni ndi kuliyezetsa kwa a dipatimenti ya Marine; ngati ndi la usodzi, onanani ndi a zausodzi za chiphaso cha zida zanu.

Kuyambira pamenepo, mvula ikagwa wina azipita kukakapa madzi tsiku lomwelo, matabwa opondapo azitukulidwa sabata iliyonse kuti pansi pazipita mphepo, ndipo thanga lizisungidwa louma m'nyumba, pamwamba posafika makoswe. Chaka chilichonse mwera ukayamba, likokereni pazipika, mutengenso mpeni ndi hamala, muyambire kumunsi kwa nthiti.